Sabata ya mbaula ku chipinda cha odwala mwadzidzidzi

June akafika mu Lilongwe, aliyense wobwera m'mamawa akudandaula mutu timayamba ndi kumufunsa ngati anagona ndi mbaula m'nyumba.

Lolemba kunabwera banja la anthu anayi a ku Kawale, onse mutu, chizungulire ndi kusanza. Malungo sagwetsa nyumba yonse usiku umodzi. Analowetsa mbaula kuchipinda, mawindo otseka, pansi pa chitseko atatsekapo ndi chiguduli. Makala akamanyeka mpweya uli wochepa amatulutsa carbon monoxide, yemwe sanunkha ndipo saoneka, koma amakakamira ku haemoglobin, chonyamula okosijeni m'magazi, kuposa okosijeni ka 200 ndi kupitirira.

Kachipangizo kopanira chala koyezera okosijeni m'magazi kanaonetsa 98 pa 100 kwa bambo wa banjalo, chikhalirecho akulephera kutchula tsiku. Musakakhulupirire: sikasiyanitsa magazi onyamula okosijeni ndi onyamula poizoniyu. Khungu lofiira lomwe mabuku amanena nalonso musalidikire, silionekaoneka.

Mankhwala ake ndi okosijeni wambiri: masiki ya kathumba, malita 15 pa mphindi, kuchokera pa silinda. Concentrator (makina osefa okosijeni mu mpweya wamba) ya malita 5 ndi timapaipi ta m'mphuno sizikwanira, ngakhale ndi zomwe zimakhala pafupi. Munthu akamapuma mpweya wamba, poizoni amatsika ndi theka pa maola 4 kapena 5. Pa masiki, pafupifupi ola limodzi ndi theka. Timapitiriza maola osachepera 6, mpaka mutu ndi chisokonezo zitatha.

Lachitatu, mayi woyembekezera. Iye ankati ali bwino, koma magazi a mwana m'mimba amasunga poizoniyu nthawi yaitali kuposa a mayi, ndiye masiki sitinaichotse msanga, ndipo azamba ankamvetsera mtima wa mwana.

Lachisanu anabwera naye mlonda wachikulire atakomoka. Jenereta inkalira m'galaja momwe anabisala mphepo. Tinamugoneka chammbali, kuyeza shuga, kuyeza malungo, diazepam ali pafupi kuopa kukomoka kogwedeza thupi, kenako ECG yoyeza kagundidwe ka mtima, chifukwa mtima umavulala mwakachetechete. Atatsitsimuka tinalangiza achibale kuti agogowa akayamba kuiwalaiwala, kuyenda mwadzandidzandi kapena kusintha khalidwe, ngakhale patatha masabata angapo, abwerere nawo. Tinawatumanso kukaona ngati m'galajamo munagonanso wina.