Zikomo nonse amene munandibwezera pachishalo

Loweruka lapitali ndinapalasa njinga kuchoka ku Limbe kudzera ku Bvumbwe, Thyolo ndi Luchenza mpaka pa Chitakale ku Mulanje, n'kubwerera ndi msewu wa Midima. Ndi makilomita pafupifupi 150. Kwa anyamata amipikisano umenewu ndi ulendo woti nsima yamasana akadyera kwawo, koma ine ndinanyamuka kusanache ndipo pofika pakhomo nkhuku zinali zitalowa kale m'khola. Miyezi 14 yapitayo ndinali chigonere, mwendo wakumanzere uli m'chikhakha, ngakhale kubafa ndinkachita kunyamulidwa. Ndiye ndiloleni ndithokoze pagulu, chifukwa ambiri mwa anthu ofunika kuwathokoza sindidziwa ndi mayina awo omwe.

Ndiyambe ndi achimwene a kabaza amene munanditola tsiku la ngoziyo. Amene mumayenda msewu wa Thyolo mukudziwa kuti ukangodutsa pa boma, njira imatsetsereka kulowera ku Luchenza, ndipo njinga imathamanga yokha. Ine ndinali nditaweramira pahandulo, mphepo ikulira m'makutu, mbuzi n'kutulukira m'tchire. Palibe woti ndimuloze chala. Mbuzi inali kwawo, wothamanga ndinali ine. Ndinagwira buleki yakutsogolo mwamphamvu, kenako ndinangozindikira ndili m'ngalande, phazi litayang'ana kolakwika. Anthu anasonkhana, ena akujambula ndi mafoni. Inuyo achimwene munatsitsa mayi amene munawanyamula, n'kuwapepesa, n'kuvula lamba wa mphira womangira katundu pakaliyala. Munathyola nthambi ziwiri za bulugama, n'kumanga mwendo wanga ngati mukumanga mtolo wa nzimbe, uku mukundiuza kuti, "Bwana, musayang'ane mwendowo, yang'anani ine." Munaimitsa galimoto ya matola, munakambirana mtengo, ndipo njinga yanga munakaisungitsa pagolosale. Patapita milungu itatu mlamu wanga anakaipeza itasungidwa bwinobwino, pampu ndi botolo la madzi zili pomwepo. Loweruka ndinafunsa anzanu apasiteji. Akuti munasamukira ku Joni. Ngati uthengawu ungakupezeni kumeneko, dziwani kuti mwendo munamanga uja wapalasa mpaka ku Mulanje.

Kwa madokotala ndi anamwino amene munandisamalira, zikomo. Koma mundikhululukire, amene ndimawakumbukira kwambiri ndi mayi a mafizo aja. Chikhakha chitachotsedwa, mwendo unali utafota ngati wa mwana, bondo lokana kupinda. Tsiku loyamba ndinawafunsa kuti ndiyamba liti kupalasa. Anaseka, n'kundipatsa thaulo kuti ndikole kuphazi ndizikoka pang'onopang'ono. Mwezi wathunthu ntchito inali imeneyo, munthu wamkulu ndi ndevu zanga kulimbana ndi thaulo. Nditayamba kunyinyirika anangoti kuthamanga si kufika, ndipo ndinakhala chete chifukwa chimene chinandigoneka m'chipatalamo chinali kuthamanga komweko.

Mayi a kunyumba, inu ndiye ndikusowa poyambira. Munkadzuka 4 koloko kunditenthetsera madzi musanapite kuntchito, ndipo ngongole ya kubanki m'khonde imene inalipira zambiri munaisenza ndinu. Munalumbira kuti njinga ija mukaigulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Simunaigulitse. Lachisanu usiku ndinakupezani mukukulunga mbatata yootcha ndi mazira owiritsa m'pepala, nkhope ili gwa, osandiyankhula. Ndinamva zonse.

Pali bambo wina wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango, kufupi ndi msika wa kwathu. Njinga yanga ndi ya kaunjika, yamatayala owonda ngati chala, ndipo zipangizo zake sizipezeka wamba. Wilo lakutsogolo linali litapindika ngati chipewa cha mlaza. Ndinkaganiza zolitaya, koma iwo analimasula masipoko onse, n'kuwongola limu ndi thabwa, n'kulukanso sipoko imodziimodzi masiku awiri. Ankalizunguza wilolo atayandikiza choko, pamene choko chakhudza n'kumanga kapena kumasula pang'ono. Makilomita onse aja silinagwedezeke ngakhale kamodzi. Ndalama imene ananditchula ndikuchita nayo manyazi kuilemba pano.

Tsopano za ulendowo. Tinanyamuka anthu anayi, ine ndi anzanga atatu amene timapalasa limodzi Loweruka lililonse. Pa Chigumula kunali kukadali mdima, ndipo pofika pa Bvumbwe chiperoni chinali chitatsika, kamvula kosanyowetsa msanga koma kolowa mpaka m'mafupa. Mwezi wa Julaye kumeneko sikusewera. Tinkapitirirana ndi alimi a ng'ombe zamkaka atamangirira zigubu kumbuyo, ndi amayi osenza madengu a kabichi ndi tomato. Kenako kunayamba minda ya tiyi. Pagalimoto munthu umangoona kubiriwira, koma panjinga umamva kuti dziko la Thyolo ndi mafunde okhaokha: ukatsika kamtsetse mpaka pakamlatho, chitunda chikukudikira kutsidya, ndipo ukachimaliza china chayamba. Sizitunda zazitali, koma zimadya miyendo mwakachetechete. Cha ku Satemwa, esiteti imene inayamba mu 1923, nkhungu inang'ambika pang'ono, mizere ya tiyi n'kuonekera yometedwa bwino ngati mutu wa mwana wasukulu. Ino si nyengo yothyola kwambiri, tiyi amachuluka nthawi ya mvula, choncho m'minda munali anthu owerengeka, atavala mapepala apulasitiki, madengu ali kumsana.

Pamtsetse uja wa ngozi manja anga anauma. Ndinatsika ndikufinya mabuleki mpaka zala kuchita dzanzi, liwiro loti mwana wothamangitsa mkombero akanandipitirira. Anzanga, amene pamalo ngati amenewo mumauluka, munandiika pakati, wina kutsogolo, awiri kumbuyo, ndipo palibe anayankhula kanthu mpaka pa Luchenza. Zimenezo sindidzaiwala. Komanso zija zonditchingira mphepo m'chigwa chonse, ine n'kumangotsatira tayala lakumbuyo ngati mwana wa nkhuku, ndinaziona ngakhale munkanamizira kuti mwatopa.

Kuchokera pa Luchenza dziko limayala, ndipo phiri la Mulanje limangokula pamaso pako. Nsonga ya Sapitwa, ija ya mamita 3,002, inabisala m'mitambo monga mwa chizolowezi chake, koma m'mbali mwa phirilo zipsera za madzi a namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 zikuonekabe, mizere yotuwa yotsika kuchokera pamwamba. Munthu ukaziyang'ana, za mwendo wako umayamba wazisiya kaye.

Pa Chitakale tinamwa tiyi wamkaka ndi sikono, n'kutembenuka. Apa mpamene ndinadziwa kuti ulendo unali usanayambe. Limbe ali pamwamba, Mulanje ali m'munsi, ndiye zonse zimene unatsetsereka m'mawa umazibweza madzulo, miyendo itatha kale. Titadutsa pa Nkando tayala lakumbuyo linaphwa. Chubu chapadera ndinali nacho, koma pampu inakana. Mnyamata wina woweta ng'ombe anathamangira kumudzi n'kubwera ndi agogo ake atanyamula pampu yakalekale, ndipo poti mavavu sankagwirizana, agogowo anadula kachidutswa ka chubu chakutha n'kulumikiza. Mpweya unalowa. Anakana ndalama, anangopempha kuti anyamuleko njingayo amve kupepuka kwake. Atainyamula ndi dzanja limodzi anapukusa mutu n'kunena kuti, "Imeneyi singanyamule ngakhale thumba la chimanga, ntchito yake n'chiyani?" Agogo, funso lanu ndikuliganizirabe, ndipo zikomo.

Chitunda chomaliza cholowera ku Bangwe chinandigonjetsa. Magiya anatha, bondo linayamba kubaya, ndipo ndinatsika n'kuyamba kukankha. Pambali panga panali bambo wina akukankha njinga ya matumba atatu a makala, thukuta lili chuchuchu, patapata atatha kuchidendene. Iyeyo ananyamuka kwawo usiku, ndipo msewu umene ine ndimauyenda pofuna kudziyesa mphamvu, iye amauyenda kuti ana adye. Tinakankha limodzi osayankhulana kwambiri. Ndinamugawira mbatata yotsala, iye n'kundiuza kuti ndisamayang'ane pamwamba pa chitunda, ndiziyang'ana tayala. Pamene msewu unayamba kuyala anandiuza kuti, "Kwerani tsopano achimwene, kwatsalaku n'kwa ana." Ndinakwera.

Kwa abale a kumpingo amene munkabwera ndi mabasiketi kuchipatala, anzanga akuntchito amene munandigwirira ntchito miyezi itatu, ndi oyendetsa malole ochepa aja amene munatipatsa mpata m'malo motiopseza ndi hutala, Mulungu akudalitseni. Mayi a kunyumba akuti njinga ikhale m'chipinda mpaka bondo litaphwa, ndipo kiyi wa loko ali m'chikwama chawo.