Waya wa munda wa amalume ku Epworth

Amalume anandiimbira foni Lachisanu madzulo. "Mphwanga, paja iwe masamu a ZIMSEC, mayeso a kuno ku Zimbabwe aja, unakhoza, bwera udzandiwerengere waya." Munda wawo ku Epworth, pafupi ndi Harare, ndi wa ngodya zitatu, ndipo mbuzi za aneba zinali zitawatopetsa. Mbali ziwiri n'zoyera, koma yachitatu imadutsa m'tchire la minga moti tepi singawongoke.

Loweruka m'mawa ndinakwera kombi nditanyamula tepi yobwereka, kope ndi kakyuleta yanga ya ku Fomu 4. Tinakhoma chikhomo pomwe mbali zoyerazo zimakumana, pafupi ndi chimwala, n'kuyeza. Ina inakwana mamita 40, ina 55.

Ngodya ndiyo inandivuta. Ndinatsegula kampasi ya pafoni, koma manambala ankangovina, mpaka ndinazindikira kuti amalume aima pambali panga khasu lili paphewa. Chitsulo chimasokoneza kampasi. "Malume, tasunthani pang'ono ndi khasulo." Atasuntha, kuloza mbali yoyamba kunandipatsa madigiri 20, yachiwiri 90. Kuchotsera, ngodya ndi madigiri 70.

Ukakhala ndi mbali ziwiri ndi ngodya ya pakati pake, chofunika ndi cosine rule: c² = a² + b² − 2ab cos C, pomwe a ndi b ndi mbali ziwirizo, C ndi ngodyayo, ndipo c ndi mbali yachitatu yomwe ukufuna. Ndinalemba 1600 + 3025, zomwe ndi 4625, ndipo 2 × 40 × 55 ndi 4400. Apa ambiri amapupuluma kuchotsa 4400 pa 4625. Ayi, 4400 ayambe wachulukitsidwa ndi cos 70°, kuchotsera kubwere pambuyo.

Ine ndinagwera dzenje lina. Yankho linatuluka mamita 42.9, ndipo ndinatsala pang'ono kulengeza, chifukwa nambalayo inkaoneka yaulemu ndithu. Chinandikayikitsa n'chakuti tchirelo m'maso linkaoneka lotalika ngati mbali ya 55 ija. Nditayang'anitsitsa pamwamba pa sikirini ndinaona kachilembo R. Mng'ono wanga anaisiya kakyuleta pa radians, muyezo wina wa ngodya wosiyana ndi madigiri. Nditaibwezera pa D ya madigiri, cos 70° inakhala 0.342, kuchulukitsa ndi 4400 n'kupeza 1505, kuchotsa pa 4625 n'kutsala 3120. Square root yake ndi mamita 55.9. Kalemba kamodziko kakanatiperewetsera waya wa mamita 13.

Amalume anafunanso kudziwa mbewu yoti agule. Kukula kwa malo a ngodya zitatu ndi ½ab sin C, ndiye theka la 40 × 55 ndi 1100, kuchulukitsa ndi sin 70°, yomwe ndi 0.94. Zinatuluka masikweya mita pafupifupi 1034. Ekala imodzi ndi 4047, choncho mundawo ndi kota ya ekala kupitirira pang'ono. Nkhope ya amalume inagwa, poti zaka zonsezi akhala akuuza abale ku Dedza kuti amalima theka la ekala. Chimanga chimalowa makilogalamu pafupifupi 25 pa hekitala, yomwe ndi masikweya mita 10,000, ndiye iwo akufunika pafupifupi 2.6 basi.

Ngodya ziwiri zotsalazo sanazifunse, ndinangozipeza kuti nditsimikize ntchito yanga. Pa sine rule ndimayamba ndi ngodya yoyang'anizana ndi mbali yaifupi, chifukwa batani la sin⁻¹ silipereka ngodya yoposa madigiri 90, ndipo ukayamba ndi yaikulu likhoza kukunamiza. Ndiye pa ngodya A, yoyang'anizana ndi mbali ya 40, sin A = 40 × 0.94 ÷ 55.9 = 0.673, kutanthauza madigiri 42.3. Yotsala ndi 180 − 70 − 42.3, yomwe ndi 67.7. Ndi yocheperako pang'ono kwa 70, monganso 55 alili wocheperako pang'ono kwa 55.9, apo mtima unakhala pansi.

Ndinawauza kuti kuzungulira munda wonse ndi mamita 151. Anayang'ana kope, n'kuyang'ana foni ija, n'kunena kuti agula 160, poti chinthu choopa khasu sangachikhulupirire kwenikweni. Sindinawatsutse.