Mmene ndinaphunzitsira kompyuta kuwerenga X-ray ya pachifuwa

Ndinali m'chaka chachinayi cha udokotala pomwe ndinaona koyamba makina akupereka maliki pa X-ray ya munthu. Kunali kuchipatala china chaboma komwe anatitumiza kukaphunzira ntchito. Bambo wina wowonda, amene anatsokomola milungu itatu, anajambulidwa pachifuwa, ndipo pasanathe mphindi pakompyuta panatuluka nambala ndi kadera kofiira pamwamba pa phapo lakumanja. A clinical officer anangoti, "Nambala yadutsa mzere. Apereke makhololo, apite ku GeneXpert." GeneXpert ndi makina oyeza TB m'makhololo. Nditafunsa kuti mzerewo anauika ndani, anandiyang'ana n'kuseka. "Adokotala a mawa, mudzatiuze ndinu."

Pa ndandanda ya maphunziro athu panalibe za AI (luso lophunzitsa makompyuta kuchita ntchito zofuna nzeru za munthu), ndiye tchuthi chitafika ndinaganiza zodziphunzitsa ndekha.

Ndinayamba ndi Elements of AI, kosi yaulere ya pa intaneti yomwe University of Helsinki inatsegula mu 2018 pamodzi ndi kampani ya Reaktor. Yambiri ndi yowerenga, sidya bandulo, komanso sifuna kuti udziwe kulemba mapulogalamu. Nditafika pa lamulo la Bayes ndinaseka ndekha: ndi masamu omwe aja tinkawathawa mu epidemiology, a sensitivity ndi specificity (mmene chiyeso chimagwirira odwala ndi mmene chimadutsitsira osadwala), angovala malaya ena.

Kenako ndinafufuza zomwe WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, inanena. Mu 2021 bungweli linavomereza kuti mapulogalamu a kompyuta angathe kuwerenga X-ray m'malo mwa munthu pofufuza TB mwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo. Omwe anaunikidwa nthawi imeneyo anali atatu: CAD4TB ya ku Netherlands, qXR ya ku India ndi Lunit INSIGHT CXR ya ku South Korea. Koma WHO sinapereke mzere umodzi wa dziko lonse lapansi. Dziko lililonse, ngakhale dera lililonse, liyenera kuyesa pa anthu ake n'kusankha pomwe mzere ukhale. Funso langa lija linali litayankhidwa theka.

Theka linalo linafuna kuti ndidetse manja. Ndinapempha financial aid pa Coursera, tsamba la makosi a pa intaneti, kuti ndichite AI for Medical Diagnosis ya DeepLearning.AI. Umalemba chifukwa chomwe sungathe kulipira ndi mmene kosiyo ikuthandizire, kenako umadikira pafupifupi milungu iwiri. Milungu imeneyo ndinaithera pa Python, chinenero cholembera mapulogalamu, mnzanga wina wophunzira zamakompyuta akundikalipira ngati mwana wa sitandade wani. Laputopu yanga ndi yokalamba, fani yake imalira ngati chigayo, ndiye ntchito yonse tinkaichitira pa Google Colab, komwe umabwereka makina amphamvu kwaulere bola intaneti ilipo. Usiku wina magetsi anazima ntchito ili pakati, ine ndisanasunge kalikonse. Maola atatu anapita ndi mphepo. Kuyambira pamenepo ndinkasunga pafupipafupi, ndipo ndinkatchajiratu foni ndi laputopu masana.

Zithunzi tinatenga zaulere zomwe National Library of Medicine ya ku America inatulutsa: 662 za kuchipatala cha ku Shenzhen, ku China, ndi 138 za ku Montgomery County, ku Maryland. Tinaphunzitsa pulogalamu yathu ndi za ku Shenzhen, n'kuiyesa pa zina za komweko zomwe inali isanaonepo. Inkakhoza bwino moti ndinayamba kudzimva. Titaipatsa za ku Maryland inayamba kuphonya: mapapo abwinobwino n'kumati ndi TB, a TB n'kumawadutsitsa.

Mnzanga uja anati, "Aise, tiye tione komwe ikuyang'ana." Pali njira yotchedwa Grad-CAM yomwe imapaka utoto pamalo omwe pulogalamu yadalira popereka yankho. Pa zithunzi zingapo utotowo sunali m'mapapo n'komwe. Unali kukona, pa chilembo chosonyeza mbali ya kumanja kapena kumanzere, ndi m'mphepete mwa mapewa. Ndiye kuti m'malo mophunzira matenda, inaphunziranso kajambulidwe ka chipatala chimodzi, ngati mwana wasukulu woloweza mayankho a mayeso akale. Ndinakhala chete kwa nthawi ndithu. Maliki ake oyamba aja anali abwino, ndipo ndikanapanda kuiyesa kwina ndikanalumbira kuti ndi katswiri.

Mapulogalamu ogulitsidwa aja anaphunzira pa zithunzi zochuluka kwambiri kuposa kathu aka, sindikuwayerekeza. Koma funso ndi lomwelo: anaphunzira pa chifuwa cha ndani? Kuwodi kwathu odwala TB ambiri alinso ndi HIV, ndipo chitetezo chikatsika kwambiri X-ray imatha kuoneka ngati yabwino pomwe munthu akudwala. Ena anachira TB kalekale koma anatsala ndi zipsera m'mapapo, ndipo zipserazo zimakweza nambala ngakhale matenda kulibe. Dokotala wosadziwa izi adzakhulupirira nambala kuposa munthu amene wakhala patsogolo pake.

Mwachibadwa tinafuna kuyesa pa zithunzi zakwathu. Mnzangayo anati ndingojambula ndi foni ma X-ray a kuwodi, nanga adziwa ndani. Ndinakana. Pa X-ray pamakhala dzina, zaka ndi tsiku, ndipo wodwala sanavomere kuti chifuwa chake chikakhale pa makina akunja. Malawi ali ndi Data Protection Act ya 2024, komanso kafukufuku wotere amayenera kudutsa ku komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku, monga COMREC. Ndinalemba pempho ndi thandizo la aphunzitsi anga ena, lofotokoza mmene tidzachotsere mayina ndi mmene tidzafananizire chithunzi chilichonse ndi zotsatira za GeneXpert. Analibweza kawiri ndi cholembera chofiira. Lamulo lomwelo ndimalitsata pa ChatGPT: sindiikamo dzina la wodwala, ndipo mlingo wa mankhwala womwe yandipatsa ndimakautsimikiza mu Malawi Standard Treatment Guidelines.

Chaka chotsatira ndinakumananso ndi a clinical officer aja, ndipo anali asanaiwale. Ndinawafotokozera kuti mukatsitsa mzere mumagwira odwala TB ambiri, koma mumatumizanso ku GeneXpert anthu ambiri omwe alibe TB, ndipo aliyense amadya cartridge yake, kachikho koyezera makhololo kogwira ntchito kamodzi kokha. Mukaukweza, ma cartridge amakhalitsa, koma ena odwaladi amabwerera kunyumba osayezedwa makhololo.

Anagwedeza mutu, n'kuloza kabati ya m'labu. "Mwezi uno atsala bokosi limodzi. Ndiye mzerewo tiuike pati, adokotala?"