Ameni: yankho la amene wamva

M'mapemphero athu liwu lakuti Ameni lazolowereka kwambiri, moti ambiri amalimva ngati chizindikiro chakuti pemphero latha ndipo maso akhoza kutsegulidwa. Koma m'Chipangano Chakale liwuli kawirikawiri limatuluka m'kamwa mwa amene akumvetsera, ndipo ndi yankho limene munthu amadzimanga nalo pa zimene wamva. M'Chiheberi limachokera ku mawu onena za chinthu chokhazikika ndi chodalirika, mawu omwewo amene ali pa Genesis 15:6, pamene Abramu anakhulupirira Yehova.

Ndime imene imandikhudza kwambiri ndi Deuteronomo 27. Mose analamula kuti Aisraeli akadzawoloka Yorodano, mafuko 6 adzaime pa phiri la Gerizimu, ena 6 pa phiri la Ebala, ndipo Alevi adzalengeze matemberero 12, anthu onse n'kumayankha Ameni pa lililonse. Otembereredwawo ndi monga wosuntha malire a mnzake, wosocheretsa wakhungu panjira, wopotoza mlandu wa mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye, ndiponso wolandira chiphuphu kuti aphe munthu wosalakwa. Zambiri mwa zimenezi zimachitika mseri, ndipo aliyense amene anaonapo mkangano wa malire a munda akudziwa kuti wosuntha malire sachita dzuwa likuswa mtengo. Choncho poyankha Ameni, munthu ankavomera pamaso pa anzake kuti temberero lidzamugwere iye mwini akadzachita zotere popanda womuona.

Zofananazo zinachitika m'masiku a Nehemiya, pamene olemera anali atalanda minda ndi nyumba za abale awo chifukwa cha ngongole. Atawalumbiritsa kuti abweza zonse, Nehemiya anakutumula chovala chake, nanena kuti Mulungu akutumule chomwecho aliyense wosasunga lonjezolo. Msonkhano wonse unati Ameni, ndipo Nehemiya 5:13 akuonjezera kuti anthuwo anachitadi monga analonjezera.

N'chifukwa chake funso la Paulo pa 1 Akorinto 14:16 ndi lomveka: munthu anganene bwanji Ameni pa chiyamiko chimene sakumva tanthauzo lake? Ine mtima umandipweteka mlaliki akamafuula kuti "Ameni?" pofuna kudzutsa amene ayamba kuwodzera, mpingo n'kuyankha mwachizolowezi usanalingalire zimene zanenedwa, pakuti kumeneko n'kuitanitsa lumbiro kwa anthu amene sanamve chimene akulumbirira.

Yesu analigwiritsa ntchito mwa njira ina. M'malo moyembekezera kuti omvera atsimikize mawu ake, Iye ankayamba yekha ndi Ameni asananene chimene akufuna kuphunzitsa. Owerenga Baibulo lakale la Chichewa sangalione msanga, chifukwa pamalo amenewa omasulira analemba kuti "Indetu", ndipo mu Uthenga Wabwino wa Yohane, mmene liwuli limabwerezedwa kawiri m'malo 25, analemba kuti "Indetu, indetu". Aneneri ankatsamira pa mawu akuti "Atero Yehova", koma Yesu ankatsimikizira mawu ake ndi ulamuliro wa Iye mwini. Yesaya 65:16 m'Chiheberi amatchula Mulungu kuti ndi Mulungu wa Ameni, ndipo pa Chivumbulutso 3:14, m'kalata yopita ku mpingo wa ku Laodikaya, Khristu akudzitchula kuti Ameni, mboni yokhulupirika ndi yoona.