Sitolo ya pakhonde inandidyera nsapato

Mayi a ana ponyamuka Lachisanu m'mawa kukakwera chapa, minibasi ya ku Tete, anandisiyira mawu: ana adye, ndipo asamangokhalira foni. Wachisamba wathu ali ndi zaka 6, akuyamba sukulu mu February, ndiye amake amafuna kuti azikalowa m'kalasi akudziwako kuwerengera. Mlongo wake ali ndi zaka 4, ntchito yake ndi kuvomera chilichonse chimene wamkuluyo wanena.

Ndinati pitani bwino. Munthu woti ndimalimbana ndi ogula mbatatesi pamsika wa Ulongwe mpaka iwowo n'kugonja, ana awiri angandikanike?

Tinayamba ndi dongo, poti mu January kuno ku Angónia dongo silisowa. Ndinaumba ng'ombe yanga bwinobwino, yalinunda lake. Mnyamata anaiyang'ana n'kufunsa kuti, "Ababa, nkhumbayi nyanga yazitenga kuti?" Zoumbazo ndinazisiyira pomwepo.

Ndiye ndinati titsegule sitolo. Thabwa pa njerwa ziwiri, pakhonde. Miyala inasanduka mbatatesi, mchenga shuga, masamba a mango chicoa, nsomba zouma za ku Cahora Bassa zija, ndipo makala a m'mbaula tinati ndi malasha a ku Moatize. Ndalama zinali zitsekerero za mabotolo. Cha Fanta metikali imodzi, cha Coca-Cola 5, cha mowa wa 2M 10, monga zilili ndalama zathu zachitsulo. Apa ndinadziona wanzeru kwabasi.

Mtsikanayo anagwira msanga. Miyala ankaiwerenga m'Chichewa, umodzi, iwiri, itatu, koma ikafika ndalama ankatembenukira ku Chipwitikizi ngati ife tonse, poti kuno ngakhale gogo amene sanapondeko m'kalasi amadziwa dez (10), vinte (20) ndi cinquenta (50). Ndinamuphunzitsa kubweza chenji. Ndinamuphunzitsanso malamulo a malonda, mawu nditakweza ngati mwini golosale: ngongole ayi, ndipo wogula wagula, katundu sabwerera. Anabwereza katatu, mlongo wake akuvomera kumbuyo.

Pofuna kumuonetsa kuphatikiza, ndinalowa m'nyumba n'kutenga nsapato zanga zakutchalitchi, zakuda, zimene ndimapolisha Loweruka lililonse.

"Imodzi dez. Ziwiri?"

"Vinte!"

"Eya, mwana wa ine!"

"Nanga Ababa, munthu akafuna imodzi yokha?"

Ndinaseka. "Mgulitse, mama. Ndalama sakana."

Pakamwa ipa.

Loweruka ndinalawirira kumunda kukathira feteleza, ana n'kuwasiya ndi agogo awo. Ine pamudzi pano ndine mkamwini, nyumba ya apongozi ili poteropo. Pobwera dzuwa lili paliwombo, ndinaona pakhonde panga ana ali mzere ngati pachigayo. Mtima unakoma. Ndinati taonani, sukulu yanga yakopa mudzi wonse.

Nditayandikira ndinaona kuti pathabwa palibe mwala ngakhale umodzi. Panali chipande, mthiko ndi sefa. Mwana wina anandidutsa atasenza lichero lathu, n'kundipatsa moni mwaulemu.

"Miyala anthu amaikana, Ababa," anatero mwini sitolo, osadzutsa n'komwe mutu. "Akuti kwawonso iliko."

Tochi inali itapita. Wailesi inali itapita. Nsapato zinapita m'mawa, imodzi kumtunda, ina kumunsi, kwa ogula awiri osiyana. Ndipo mawa lake ndinali ndi udindo wowerenga mawu oyamba pa Misa, kutsogolo, pamene mpingo wonse umayamba wakuyang'ana kumapazi usanamve zimene ukuwerenga.

Chimene sindinaganize popanga ndalama zanga n'chakuti pamudzi pathu pali mwana wa mwini baraka, kamalo komwera mowa. Ameneyo anabwera ndi jumbo lodzaza zitsekerero za 2M, banki yathunthu. Zina mwa izo, kunena zoona, ndinatsekulitsa ndine.

Ndinauyamba ulendo wolondola katundu, mwana wanga ali pambuyo kundikumbutsa. "Ababa, wogula wagula." Ziwiya azimayi anabweza akuseka mpaka kugwira nthiti. Nsapato yakumanzere ndinaipeza kubaraka, ili pashelefu pakati pa mabotolo. Mwini wake anati mwana wake anagula mwachilungamo, mboni zilipo, koma poti ndife anansi andigulitsa pa 50 metikali, yeniyeni, ya nkhope ya Samora. Osintha ndalama a pamalire pa Calómuè sanandidyerepo chotero. Ndinalipira, anthu ali pabenchi akuombera m'manja.

Yakumanja ndinakumana nayo panjira ikuyenda. Kamnyamata kena kanaimanga chingwe, n'kuilongamo dongo lonyowa, kakuikoka m'matope uku kakulira ngati lole yokwera phiri. Kanati iyi ndi galimoto ya malasha, ikupita ku Beira. Nditailanda kanalira mokuwa, amake n'kutuluka, ndipo ndinachoka pamenepo nditasiya ndalama ya mabisiketi.

Inatsala wailesi. Ndinafunsa amene anagula. Mwana analoza nyumba ya agogo ake.

Ndinawapeza apongozi atakhala pamphasa, wailesi yanga ili pamwendo, ikuimba. Ndinagwada chapatali monga mwa mwambo, n'kuyamba kuzungulira nkhani, za mvula, za chimanga, kenaka za masewera a ana.

"Ndagula, bambo," anatero. "Cinquenta. Zitsekerero zisanu."

"Kodi amayi, mwazipeza kuti?"

"Kuseri kwa nkhokwe yanu. Zilipo zambiri kumeneko, kaya amamwera kumeneko ndani. Ndimati mwana wanga akabwera ndimufunse."

Ndinawauza kuti wailesiyo ikamavuta azingoimenya pang'ono kumbuyo. Ndinatsazika.

Usiku ndinachapa nsapato yamatope ija n'kuiyanika pafupi ndi moto. Kutacha inali itauma gwa, mphuno itapindikira m'mwamba ngati bwato. Ndinaivala choncho. Kuchoka pabenchi kukafika kutsogolo ndi mapazi khumi okha, koma inkalira kwiii, kwiii, tchalitchi chonse chili zii. Ndikutsegula buku, kamnyamata kaja kanaimirira pabenchi n'kukuwa kuti, "Amama, galimoto yanga ija!"

Mayi a ana anafika madzulo ake. Asanatule n'komwe chikwama, mwana anakhuthula chitini pamkeka, n'kusanja zitsekerero m'milu itatu, n'kuwerenga osaphonya mpaka 186 metikali. Amake anaomba m'manja, n'kunditembenukira.

"Bambo a ana, mwagwira ntchito. Masiku awiri okha?"

Ndinangoti ee, timayesetsa.

Kenaka anamva wailesi ikuimba kwa amayi awo. Anayang'ana nsapato ili pakhomo. Anapita kukawalonjera, ndipo anakhalitsako ndithu. Pobwera anadzera kuseri kwa nkhokwe. Sananene kanthu. Anatola zitsekerero ziwiri za 2M pamulu paja, n'kundiika m'manja, n'kundipinda zala.

"Vinte. Mukagule nsapato zina."

Mpira masiku ano ndimamvera nditakhala pachitsa, kunja kwa mpanda wa apongozi. Chigoli chikayandikira amatsitsa mawu.