Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Makobidi Akale a ku Germany

Mu gawo lapitalo ndinafotokoza momwe ndinafikira mu mzinda wa Hannover ku Germany kukaphunzira unamwino. Loweruka kumeneko kumakhala msika wa zinthu zakale m'mphepete mwa mtsinje wa Leine, ndipo n'kumene ndinayambira kugula makobidi. Ndalama ndinalibe, choncho ndinkasankha a m'bokosi losakaniza, omwe wogulitsa sawaika m'galasi.

Oyamba kundikopa anali a siliva a nthawi ya mafumu. Dziko la Germany litagwirizana kukhala ufumu umodzi mu 1871, lamulo la 1873 linabweretsa ndalama imodzi, Mark. Komabe pa makobidi akuluakulu dera lililonse linkaika nkhope ya mfumu yake: la Prussia lili ndi Wilhelm II, la Bavaria lili ndi mfumu ya kwawoko, pamene mzinda wa Hamburg, womwe unalibe mfumu, unaika chizindikiro chake. Ukatembenuza, onse ali ndi chiwombankhanga cha ufumu wonse. Mafumu aang'ono anawasiyira ulemu, mphamvu n'kupita ku Berlin.

Khobidi la 500 Mark la 1923 ndi la aluminiyamu, lopepuka ngati chitsekerero cha botolo. Pofika November chaka chimenecho dola imodzi ya ku America inkasinthidwa ndi ma Mark 4.2 thiriliyoni, ndipo anthu amene anasunga ndalama moyo wawo wonse anatsala manja lende.

Koma khobidi limene linandisowetsa tulo ndi la 5 Reichsmark la 1936. Wogulitsa, bambo wachikulire, anali atamata kapepala mbali imodzi, chifukwa lamulo la dzikolo limaletsa kuonetsa poyera swastika, chizindikiro cha chipani cha Hitler cha Nazi, kupatula pa nkhani za maphunziro ndi mbiri. Ndinkayembekezera kuona nkhope ya Hitler, koma ayi, pali Paul von Hindenburg, mkulu wa asilikali wa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse amene anadzakhala pulezidenti. Iyeyu ndiye anapatsa Hitler udindo wotsogolera boma pa 30 January 1933, ndipo anamwalira mu August 1934. Chipani cha Nazi chinatenga nkhope ya munthu wakufa amene anthu ankamulemekeza, kuseri kwake n'kuikako chiwombankhanga chitagwira chizindikiro chawo. Munthu wogula buledi ankaona nkhope yozolowereka, mtima n'kukhala pansi, pamene Ayuda anali atalandidwa kale ufulu wawo monga nzika ndi malamulo a ku Nuremberg a 1935. Zimandipweteka mpaka lero. Pofika 1940 makobidi ang'onoang'ono ankapangidwa ndi zinki, chifukwa mkuwa unkafunika ku zida zankhondo.

Mayi wina amene ndinkagwira naye ntchito anandifunsa kuti, "Achemwali, chinthu chotere mukuchisungiranji?" Ndinamuyankha kuti sindichikonda, koma ndikufuna ana anga adzachigwire m'manja, adzaone okha momwe boma loipa limalowera m'thumba la munthu wamba. Ndimalisunga mu envulopu, pamodzi ndi pepala limene ndinalembapo zaka ndi zomwe zinachitika.

Mu gawo lotsatira ndidzanena za rupie, ndalama ya ku German East Africa, dziko limene linkachita malire ndi kwathu, ndi nkhondo ya ku Karonga ya September 1914.