Zomwe DVD ya ukwati wa achemwali yandiphunzitsa

Mwezi watha amayi anandipatsa DVD ya ukwati wa achemwali kuti ndiisamutsire pa flash, poti chimbalecho chayamba kukandika. Ndinkayesa ndi ntchito ya mphindi khumi. Nditatsegula HandBrake, pulogalamu yaulere ija yosinthira ndi kufinya mafayilo a kanema, ndinangoti kakasi.

Choyamba kundigwetsa chinali nambala ya RF, yomwe umasankhira ubwino wa chithunzi. Munthu umaganiza kuti nambala yaikulu ndiye yabwino, choncho ndinaika 30. Nkhope za anthu pa perekaniperekani zinatuluka ngati zopakidwa phala. Kumeneko zinthu zimayenda chafutambuyo: nambala ikatsika chithunzi chimaoneka bwino, koma fayilo imatupa. Pa x264, chida chofinyira kanema chomwe chili mu HandBrake, ukatsitsa RF ndi 6 fayilo imakula pafupifupi kawiri. Eni ake a HandBrake amalangiza 18 mpaka 22 pa kanema wa DVD, ine ndinakhazikika pa 20.

Kenako dyera linandigwira, ndinafuna kuti kanemayo akhale 1080p, chithunzi chachikulu cha mizere 1080. Chonsecho DVD ya PAL, mtundu womwe timagwiritsa ntchito kuno, imasunga chithunzi cha timadontho 720x576 basi, mafelemu (zithunzi) 25 pa sekondi. Ndinangonenepetsa fayilo pachabe, ndolo za mkwatibwi sizinaoneke bwino kuposa kale. Ndinabwerera ku 576.

Chomwe chinandidyera usiku wonse ndi timizere tokhala ngati mano a chipeso, totuluka m'mbali mwa aliyense wovina. Ndinkaloza chala chimbale chokandikacho, osadziwa kuti kamera inajambula mwa interlaced: felemu iliyonse ndi matheka awiri ojambulidwa nthawi zosiyana pang'ono, ndipo munthu akasuntha mathekawo sagwirizana. TV zakale zamsana zija zinkaonetsa theka limodzi panthawi, n'chifukwa chake sitinkaziona. Nditayatsa Decomb, sefa ya mu HandBrake yochotsa timizereti, chipeso chinatha.

H.265, njira yofinyira kanema yomwe inatuluka mu 2013, inandikopa chifukwa imachepetsa fayilo kuposa H.264 ya 2003. Laputopu yanga inalira nayo maola angapo, magetsi n'kuthimanso pakati. Itatha, TV ya amayi inaikana m'maso muli gwa. Ndinayambiranso ndi H.264 mu fayilo ya MP4, mawu ndinawafinya ndi njira ya AAC. Ulendo uno ndinayamba ndasintha chaputala chimodzi chokha n'kukachiyesa pa TV yomweyo.

Chimbale chonse ndachikopera ngati ISO, fayilo yosunga zonse za m'chimbale momwe zilili, pa hard drive, kuti ndikadzafuna kusinthanso ndisadzayambire pa fayilo yofinyidwa kale. Amayi aonera kawiri, ndipo dzulo abweretsa ina ya chinkhoswe.